Mpira utatsika mtengo, osewera gofu anaphunzira kuyeserera

Pa bwalo lililonse lalikulu la gofu masiku ano pamakhala malo apadera pomwe anthu amandanda n'kumamenya mipira yambirimbiri popanda kuwerenga zigoli. Ambiri amayesa kuti mwambo umenewu unabadwira limodzi ndi masewerawa, koma ndi wadzulodzulo. Gofu ndi wakale ku Scotland, moti mu 1457 nyumba ya malamulo ya Mfumu James II inamuletsa chifukwa anyamata ankanyalanyaza kuphunzira kuponya mivi. Komabe kwa zaka pafupifupi 400 chichokereni nthawi imeneyo, munthu ankaphunzira gofu kwenikweni posewera ndi poonerera anzake. Chinkalepheretsa kuyeserera ndi mtengo wa mpira. Ndipo mbiri yonseyi ikuonetsa kuti kuyeserera kumapindula pokhapokha womenyayo akamaona mpira uliwonse kukhala wamtengo wapatali, monga unalili poyamba paja.

Mpira wakalewo unkapangidwa ndi manja. Mmisiri ankasoka tizidutswa ta chikopa chonyowa n'kusiya kabowo, kenaka n'kumakanikiziramo nthenga za tsekwe zowiritsa, zochuluka mokwana chipewa chonse, pogwiritsa ntchito chitsulo chomwe ankachitsamira ndi chifuwa. Chikopa chikamauma chinkafinyika, nthenga n'kumafufuma, mpirawo n'kulimba gwa. Mmisiri waluso ankapanga mipira itatu kapena inayi yokha patsiku, ndipo umodzi unkatha kudula kuposa ndodo yomenyera. Ukanyowa unkalemera, ukamenyedwa molakwika ndi ndodo yachitsulo unkang'ambika. Ndani akanamwaza mipira yotere 50 m'tchire pofuna kungokonza kagwiridwe ka ndodo? Zinthu zinasintha cha m'ma 1848 kutabwera mpira woumbidwa ndi utomoni wa gutta-percha, wotchipa ndiponso wosaopa mvula. Allan Robertson, katswiri wa ku St Andrews amene ankadyera mipira yanthenga, anadana nawo kwambiri mpaka anasiyana ndi wantchito wake Tom Morris atamupeza akusewera nawo. Mpira wa Coburn Haskell, wokulungidwa ndi ulusi wa labala, unatsatira mu 1898. Chinatsala ndi ndodo: mipini ya mtengo wa hickory inkapotoka mosiyanasiyana, moti ndodo iliyonse inkafuna kamenyedwe kake. Mipini yachitsulo italoledwa ku America mu 1924 ndi ku Britain mu 1929, zinatheka tsopano kuti munthu aphunzire kamenyedwe kamodzi n'kumakabwereza ndi ndodo zonse.

Amene anaonetsa dziko phindu la mwayi umenewu ndi Ben Hogan, wobadwa mu 1912 ku Texas, yemwe anayamba monga mnyamata wonyamulira ena ndodo ku Glen Garden, mumzinda wa Fort Worth. Kwa zaka zambiri mpira wake unkakhotera kumanzere mosalamulirika, ndipo mpikisano woyamba wa akatswiri kupambana payekha unali wa mu 1940. Anthu amakumbukira maola ochuluka amene ankathera pa malo oyesererapo, koma chofunika kuchiona ndi momwe ankawagwiritsira ntchito. Womunyamulira ndodo ankakaima patali ndi thumba lotoleramo mipira, ndiye kuti mpira uliwonse unali ndi polunjika, ndipo munthuyo akasuntha kwambiri cholakwa chinkaonekera poyera. Hogan ankalemba m'kabuku zomwe wayesa tsikulo ndi momwe zayendera. M'buku lake la 1957 lotchedwa Five Lessons, phunziro loyamba ndi la kagwiridwe ka ndodo, ndipo analangiza wophunzira kuthera mphindi 30 patsiku kwa sabata yathunthu akungozoloweza manja ake. Mu 1953 anafika ku Carnoustie kutatsala masabata awiri kuti mpikisano uyambe, pofuna kuzolowera mpira wocheperapo umene unkagwiritsidwa ntchito ku Britain ndi kapinga wa kumeneko, ndipo anapambana. Izi anazichita patangopita zaka zinayi chivulalireni koopsa pamene galimoto yake inaombana ndi basi mu 1949.

Wina angatsutse kuti akatswiri ena anafika pamwamba popanda zonsezi. Bobby Jones ankatha miyezi yozizira osakhudza ndodo, koma mu 1930 anapambana mipikisano yonse inayi ikuluikulu ya nthawi imeneyo. Sewsunker Sewgolum wa ku Durban, amene malamulo atsankho ankamutsekera zitseko zambiri, ankagwira ndodo mopingasa, dzanja lamanzere pansi pa lamanja, komabe anapambana mpikisano wa Dutch Open katatu ndipo anagonjetsa katswiri Gary Player mu mpikisano wa Natal Open wa 1965. Mfundoyi ndi yomveka, ndipo ikutsimikizadi kuti palibe kagwiridwe kamodzi kolamulidwa kwa aliyense. Koma anthu awiriwa sanadumphe kuyeserera. Jones anakulira pa bwalo la East Lake ku Atlanta akutsanzira mphunzitsi Stewart Maiden kuyambira ali kamwana, ndipo Sewgolum anathera ubwana wake pa bwalo akunyamula ndodo za ena, kuonerera ndi kuyesa yekha akapeza mpata. Anabwereza kambirimbiri ali aang'ono, ndipo ankabwereza pamalo enieni osewererapo, pomwe mpira umagwera pamtsetse, mumchenga kapena m'udzu wautali. Munthu amene wayamba gofu atakula alibe zaka zimenezo, choncho ayenera kuzigula ndi dongosolo.

Apa m'pamene kutchipa kwa mpira kwasandukira msampha. Wosewera wa lero amagula ndowa yodzadza ndi mipira, n'kuima pa kapeti yosalala, n'kusolola ndodo yomenyera kutali, n'kumaliza mipira yonse mothamanga ngati akupuntha nyemba. Mpira wolakwika sumupweteka mtima chifukwa wina uli pomwepo, pamene pa mpikisano sadzamenya kawiri motsatizana ndi ndodo imodzi pamalo amodzi. Ena amati mankhwala ake n'kusiya zonsezo n'kumangoyeserera kugogodera mpira m'dzenje, koma kafukufuku wa Mark Broadie wa pa yunivesite ya Columbia anaonetsa kuti osewera abwino amasiyana ndi anzawo makamaka pa mipira yomenyedwa kuchokera patali kulunjika pa kapinga wa padzenje, kuposa pa kugogodako. Choncho ndodo zachitsulo zapakati zikuyenera kupatsidwa nthawi yochuluka kuposa momwe ambiri amachitira. Mipira 30 imakwana, bola uliwonse ukhale ndi mbendera yake yolunjikapo, ndodo izisinthidwa pafupipafupi, ina igonekedwe pansi kuti ionetse komwe mapazi aloza, ndipo pomaliza munthu alembe kuti yolakwikayo imapatukira mbali iti, kuti tsiku lotsatira akayambire pomwepo.