Kudikira nthawi ya Mulungu: tanthauzo lake m'Baibulo

Mau atatu amamveka kawirikawiri m'maulaliki ndi m'mapemphero athu: kuleza mtima, kupirira ndi kudikira. Timawasakaniza ngati cinthu cimodzi, koma m'Baibulo amasiyana, ndipo kusiyana kwake kumathandiza Mkristu amene yankho la pemphero lake lacedwa.

Mau ake

Cipangano Catsopano cinalembedwa m'Cigiriki. Kumene ife timati kuleza mtima, kawirikawiri pali liwu lakuti makrothumia, kutanthauza kusapsa mtima msanga, makamaka ndi anthu anzathu. Paulo analiika pakati pa zipatso za Mzimu pa Agalatiya 5:22. Kupirira ndi hupomone, kukhalabe pansi pa katundu wolemera osamutaya, ndipo pa Aroma 5:3-4 timaphunzira kuti kumabadwa m'masautso. Cipangano Cakale cili ndi liwu la Ciheberi lakuti qavah, lopezeka pa Yesaya 40:31 ndi Salmo 130:5. Limanena za kudikira uli cheru. Salmolo likuyerekeza munthu wotere ndi mlonda wa usiku amene maso ake ali kum'mawa.

Utali wa kudikira

Baibulo silibisa zaka. Abrahamu anacoka ku Harana ali ndi zaka 75, Isake anabadwa atate ake ali ndi zaka 100. Pakati pake panabadwa Ismayeli, Abrahamu ali ndi zaka 86, pamene iye ndi Sara anaganiza zothandiza Mulungu kudzera mwa Hagara, ndipo nyumbayo inalowa mkangano. Yosefe anagulitsidwa ali ndi zaka 17, anaimirira pamaso pa Farao ali ndi zaka 30. Ziwiri mwa zaka zimenezo anazithera m'ndende cifukwa cabe cakuti woperekera cikho wa mfumu anamuiwala.

Sauli yekha anapatsidwa masiku owerengeka. Samueli anamuuza kudikira masiku 7 ku Giligala. Afilisti anasonkhana ku Mikimasi, asilikali ake anayamba kubalalika, ndipo Sauli anapereka yekha nsembe yopsereza. Atangomaliza, Samueli anafika (1 Samueli 13). Tisafulumire kumuseka, pakuti mantha ake anali ndi cifukwa. Komabe ufumu unacoka m'banja lake kuyambira pamenepo.

Aneneri awiri

Nkhani imene tikuona kuti imakhudza mipingo yathu kwambiri ili pa Yeremiya 28 ndi 29. M'caka ca 597 Kristu asanabadwe, Nebukadinezara anatengera ku Babulo mfumu Yekoniya, akuluakulu a Yuda ndi ziwiya za m'Kacisi. Patapita zaka zocepa, mneneri Hananiya anaimirira m'Kacisi nalengeza kuti zaka 2 zisanathe, mfumu, anthu ndi ziwiyazo zidzabwerera. Anathyolanso goli la mtengo limene Yeremiya anavala pakhosi, anthu onse akuona. Ndani sakanakondwera ndi uthenga wotere? Hananiya anamwalira caka comweco, ndipo ukapolo unapitirira.

Yeremiya analembera akapolowo kalata yonena za zaka 70. Koma sanawauze kupinda manja. Anawauza kumanga nyumba, kulima minda, kukwatira ndi kukwatitsa ana awo, ndiponso kupempherera mtendere wa mzinda wa adani awo. Vesi 11 ya mutu 29, imene timakonda kulemba pa makhadi a ukwati ndi kumbuyo kwa minibasi, inalembedwera anthu amene ambiri a iwo anali kudzafera ku Babulo komweko. Njira yobwerera inatseguka Koresi wa ku Perisiya atagonjetsa Babulo m'caka ca 539 Kristu asanabadwe.

A Hananiya alipo ndi lero. Amachula mwezi umene nchito idzapezeka kapena mimba idzabwere, ena amagulitsa madzi ndi mafuta. Amene amapita kumeneko si anthu opusa. Ndi anthu otopa. Ndi mayi amene apongozi akumufunsa za mwana caka ndi caka, ndi mnyamata amene ali ndi digiri m'cikwama koma akugulitsa talk time pamsewu. Tsiku lolonjezedwa likadutsa, mneneri amati cikhulupiriro cawo ndico cinacepa, ndipo amabwerera ali ndi mabala awiri. Pa Macitidwe 1:7 Yesu anakana kuuza ngakhale atumwi ake nthawi zimene Atate anasunga mu ulamuliro wawo.

Cimene kudikira sikutanthauza

Yakobo 5:7 akupereka citsanzo ca mlimi woyembekezera mvula yoyamba ndi yomaliza. Ku Palestina yoyamba imagwa ca mu Okutobala ndi Novembala, yomaliza ca mu Marichi ndi Epulo. Ife a kuno sitifunika kumasuliridwa zambiri. Mlimi wa ku Petauke kapena ku Katete sabzala pa cizimalupsa, koma sagonanso: amasosa, amakonza mbeu, amafunafuna feteleza. Mvula yokha ndiyo si yake.

Conco amene akudwala apite kucipatala ndi kumwa mankhwala uku akupemphera. Wofuna nchito apitirize kulemba makalata ndi kugwira maganyu amene apezeka. Paulo anadzudzula ena a ku Tesalonika amene anasiya nchito nayamba kudya za anzawo (2 Atesalonika 3). Ndipo tinene momveka: mayi amene akumenyedwa m'nyumba asauzidwe kuti apirire mpaka nthawi ya Mulungu ikwane. Akulu a mpingo ndi alangizi amuthandize kufika pamalo otetezeka ndi kwa apolisi. Davide anakana kawiri konse kupha Sauli, koma mkondo utaponyedwa anathawa m'nyumba ya mfumu.

Kudandaula nakonso si kusakhulupirira. Salmo 13 likufunsa Mulungu kanayi kuti adzacedwa mpaka liti, ndipo Habakuku anayamba buku lake ndi funso lomwelo.

Pali mfundo ina yovuta imene sitiyenera kuilumpha. Ahebri 11 akunena za anthu acikhulupiriro amene anamwalira asanalandire zimene analonjezedwa. Mose anaona Kanani ali pa phiri la Nebo, sanalowemo. Cifukwa cake mkulu wa mpingo akamacezera banja limene lakhala zaka 10 popanda mwana, alibe ulamuliro wowalonjeza mwana caka camawa. Angathe kupemphera nawo, kuwalimbikitsa kukaonana ndi dokotala onse awiri, mwamuna ndi mkazi, ndi kulankhula ndi acibale amene akuwanyoza.