Momwe akatswiri amakonzekerera kuona mapulaneti akudutsa kutsogolo kwa nyenyezi

Njira imodzi yomwe akatswiri a zakuthambo amatulukirira mapulaneti ozungulira nyenyezi zakutali ndiyo kuyeza kuwala kwa nyenyezizo. Pulaneti ikamadutsa pakati pa nyenyezi yake ndi dziko lapansi, imaphimbako kuwala pang'ono, monga zimachitikira pa kadamsana.

Izi zidaoneka koyamba m'chaka cha 1999 pa pulaneti yotchedwa HD 209458 b, yomwe imazungulira nyenyezi yake m'masiku 3.5. Kudutsako kumatenga maola pafupifupi 3, ndipo kuwala kumachepa ndi magawo osakwana 2 pa 100 aliwonse.

Popeza nthawiyi ndi yochepa, ntchito yaikulu imagona pa kukonzekera. Akatswiri amatenga nthawi yomwe pulaneti idaoneka ikudutsa m'mbuyomu, n'kuonjezerapo masiku omwe imatenga kuti izungulire nyenyezi yake, kuti adziwe tsiku ndi ola lomwe idzadutsenso.

Vuto ndi lakuti kuphonya kochepa pa chiwerengerochi kumakula pulaneti ikamazungulirabe. Pulaneti ya masiku 3.5 imazungulira kanthawi koposa 100 pa chaka, choncho kuphonya ndi mphindi imodzi pa ulendo uliwonse kumafika ola limodzi ndi mphindi 40 chaka chisanathe. Pa chifukwa ichi, akatswiri amayezanso nthawiyi pafupipafupi.

Pokonza ndondomeko, amaikaponso maola ena pulaneti isanayambe kudutsa komanso itamaliza, kuti akhale ndi kuwala kwa nthawi zonse kofanizira. Mwachitsanzo, pa 21 June 2022 telesikopu ya James Webb, yomwe idatumizidwa mumlengalenga pa 25 December 2021, idayang'ana nyenyezi ya WASP-96 kwa maola 6.4, pomwe pulaneti yake idadutsa kwa maola 2.5 okha. Zotsatira zake zidasonyeza kuti mumpweya wa pulanetiyo muli nthunzi ya madzi.

Matelesikopu a pansi pano ali ndi zina zofunika kuziganizira. Kudutsako kuyenera kuchitika usiku, nyenyezi ili pamwamba ndithu, mwezi uli patali nayo, ndiponso kopanda mitambo. N'chifukwa chake makinawa amamangidwa kumadera ouma monga ku Sutherland m'dziko la South Africa, komwe makamera a WASP adatulukira pulaneti ya WASP-96 b.

Nthawi yogwiritsira ntchito matelesikopu akuluakulu ndi yolimbirana. Ofuna kugwiritsa ntchito James Webb amalembera bungwe la Space Telescope Science Institute ku Baltimore, m'dziko la America, ndipo opempha amachuluka kwambiri kuposa maola omwe alipo. Gulu lomwe lawerengera molakwika limaononga maola omwe lidapatsidwa, ndipo lingadikire miyezi yambiri lisanapezenso mwayi wina.

Njirayi yathandiza kwambiri pa kafukufuku. Telesikopu ya Kepler yokha, yomwe idagwira ntchito kuyambira 2009 mpaka 2018, idatulukira mapulaneti oposa 2,600.