Amalinyero

Amalinyero ndi anthu ogwira ntchito m'sitima yapamadzi: owongolera, osamalira injini ndiponso omanga zingwe padoko. Mawuwa adachokera ku Chipwitikizi, "marinheiro". Msodzi wapabwato sitimutcha mmalinyero, pakuti iye amalondola nsomba, pamene mmalinyero amatumikira chombocho.

Mafilimu ambiri amakonda kuwaonetsa zinthu zitafika povuta. Mu Captain Phillips, filimu ya mu 2013, achifwamba a ku Somalia amaukira sitima ya amalinyero, zomwe zidachitikadi mu 2009. Koma Le Monde du silence ya Jacques Cousteau, ya mu 1956, imaonetsa amalinyero a chombo cha Calypso akuthandiza kufufuza zapansi pa nyanja. Filimuyi imatikumbutsa kuti umalinyero ndi thukuta la tsiku ndi tsiku komanso kudalirana.