Malamulo a Chitetezo cha Ogula: Zoyenera Kudziwa Opanga ndi Otumiza Katundu Kunja

M'dera la Unit O ku Seke, m'tawuni ya Chitungwiza kumwera kwa Harare, muli amisiri opala matabwa, owotcherera zitsulo ndi ena opanga zinthu pakhomo. Malamulo oteteza ogula amawakhudza iwowa monga momwe amakhudzira mafakitale aakulu. Mfundo yaikulu ya malamulowa ndi yakuti wopanga katundu ndiye ali ndi udindo woonetsa umboni woti katundu wake sangavulaze munthu.

M'dziko la Zimbabwe

Lamulo la Consumer Protection Act linakhazikitsidwa mu 2019, m'malo mwa lamulo lakale la Consumer Contracts Act. Lamuloli linabweretsa bungwe la Consumer Protection Commission, lomwe limalandira madandaulo a ogula. Malinga ndi lamuloli, wogula ali ndi ufulu wolandira katundu wabwino ndi wosaopsa, wochenjezedwa za ngozi iliyonse yomwe katunduyo angadzetse, komanso wobweza katundu wolakwika. Zikwangwani zonena kuti ndalama sizibwezedwa nzoletsedwa.

Ntchito yolemba miyezo ndi kuyeza katundu imagwiridwa ndi bungwe la Standards Association of Zimbabwe, lomwe linayamba mu 1957. Opanga zakudya amatsatiranso lamulo la Food and Food Standards Act, ndipo kuyambira mu Julaye 2017 boma linalamula kuti m'shuga, mafuta ophikira, ufa wa chimanga ndi wa tirigu azithiramo michere yowonjezera.

Kuwoloka malire

Dziko lililonse lili ndi khomo lake. Ku Malawi katundu amaunikidwa ndi Malawi Bureau of Standards, bungwe lomwe linakhazikitsidwa mu 1972. Ku Zambia kuli Zambia Compulsory Standards Agency, yomwe inabadwa ndi lamulo la 2017, pamene ku South Africa kuli National Regulator for Compulsory Specifications. Nalo dziko la Zimbabwe, kuyambira mu Malichi 2016, limafuna kuti mitundu ina ya katundu wolowa iyezedwe isananyamuke kumene ikuchokera.

Amalonda ambiri amasokoneza zikalata ziwiri. Chikalata cha SADC kapena COMESA chosonyeza kumene katundu wapangidwa chimathandiza kuchepetsa msonkho basi; sichitsimikiza kuti katunduyo ndi wosaopsa.

Kukhwimitsa malamuloku kuli ndi zifukwa zake. Mu 2017 ndi 2018 matenda a listeriosis, omwe anafala kudzera m'nyama yokonzedwa m'fakitale, anapha anthu oposa 200 ku South Africa, ndipo maiko oyandikana nalo, kuphatikizapo Zimbabwe, Malawi ndi Zambia, analetsa nyamayo. Mu 2024 mitundu ingapo ya chiponde inachotsedwa m'masitolo a ku South Africa chifukwa cha poizoni wa chuku wotchedwa aflatoxin.

Msika wa ku Ulaya

Pa 13 Disembala 2024, maiko a European Union anayamba kutsatira lamulo la General Product Safety Regulation, lokhudza katundu wosadyedwa monga mipando ndi ziwiya, ngakhale wogulitsidwa pa intaneti. Wopanga ayenera kuunika ngozi zomwe katundu wake angadzetse, kulemba zomwe wapeza ndi kusunga zikalatazo kwa zaka 10. Pakatundupo, kapena pa chokutira chake, palembedwe dzina ndi keyala ya wopanga, nambala yozindikiritsa katunduyo, ndi machenjezo m'chiyankhulo chomwe ogula angamve. Chomwe chimavuta amalonda ang'onoang'ono ndi chakuti katundu saloledwa pamsikawo popanda munthu kapena kampani yokhala m'maiko amenewo yomwe ingayankhepo pakachitika vuto.

Poyambira

Mmisiri wofuna kutumiza katundu kunja ayambe wafunsa miyezo ya dziko lomwe akufuna kukagulitsako asanagule zipangizo. Kenaka ayezetse katundu wake kumalo ovomerezeka, apereke nambala ku gulu lililonse la katundu lomwe wapanga, ndi kusunga kaundula wa omwe amamugulitsa zipangizo ndi omwe amamugula. Kaundulayu ndi amene amathandiza kuti, vuto likapezeka, aitanitse gulu limodzi lokha m'malo motaya katundu yense. Ku Zimbabwe, bungwe la ZimTrade limapereka uphungu kwa otumiza katundu kunja, ndipo amisiri ogwirira ntchito limodzi m'magulu angathe kugawana mtengo woyezetsera.