Munda wa ku Belém ndi Mbiri Yathu

Lisboa ndi mzinda waukulu wa dziko la Portugal. Kumadzulo kwa mzindawo, m'mbali mwa mtsinje wa Tejo, kuli dera lochedwa Belém. Kumeneko ndi kumene zombo za Vasco da Gama zinanyamukira mu 1497, zimene zinafika pa cisumbu ca Moçambique mu 1498. Alendo ambiri amapitako kukaona chalichi cacikulu ca Jerónimos, mmene muli manda ake. Koma si onse amene amalowa pa cipata ca munda umene uli pafupi pomwepo. Dzina lake lero ndi Jardim Botânico Tropical, ndiye kuti munda wa zomera za m'maiko otentha. Tiyeni tiudziwe, cifukwa mbiri yake ikutikhudza.

Munda umenewu si wa cimanga kapena mapira. Ndi wa mitengo ndi maluwa. Kukula kwake ndi mahekitala 7, ndipo muli mitundu ya zomera pafupifupi 600. Tikalowa timayenda pakati pa mizere ya migwalangwa italiitali. Timaona dziwe la abakha, mikuyu ya mthunzi wabwino, nsungwi, ndi tinjira tokhotakhota. Mulinso nyumba yagalasi yosungiramo zomera zimene zimaopa kuzizira kwa ku Ulaya. Ndi malo abata. Munthu wa kwathu akafikamo amazindikira mitengo ina monga abale ake.

Kodi mitengoyi inafika bwanji kumeneko?

Kale malowa anali a anthu olemera. Mu 1726 mfumu João V inawagula. Mu 1906 boma la Apwitikizi linalamula kuti pakhale munda wochedwa Jardim Colonial, munda wa maiko olamulidwa ndi atsamunda. Poyamba unali ku dera lina la Lisboa, ndipo mu 1912 anaganiza zousamutsira ku Belém. Nchito yake sinali kukongoletsa mzinda kokha. Unali sukulu. Mmenemo anyamata a Cipwitikizi ankaphunzira ulimi wa m'maiko otentha. Ankayesa mbewu zocokera ku Afirika, ku Asia ndi ku Amerika, kuti adziwe zimene zingabweretse ndalama.

Kuphunzira za mbewu si koipa. Funso ndi ili: nzeruyo inatumikira yani?

Yankho tikulidziwa, pakuti makolo athu analisenza pamsana. Kuyambira mu 1938 boma la Salazar linakhwimitsa lamulo lolima thonje mokakamiza. Banja lililonse la m'madera a thonje linkapatsidwa munda woti lilime. Mtengo wogulira unkaikidwa ndi boma, ndipo unali wotsika kwambiri. Wolephera ankamenyedwa m'manja ndi mbalamatodya, kapena kutengedwa ku cibalo. Thonje linkapita ku mafakitale a nsalu a ku Portugal, pamene nkhokwe za m'midzi zinali zopanda kanthu, cifukwa thonje silidyedwa. Anthu sanangokhala cete. Ena ankaphika mbewu ya thonje asanabzale kuti isamere. Ena anathawira ku Nyasaland, kumene lero ndi Malawi. Lamulo limeneli linathetsedwa mu 1961.

Mu 1940 m'mundamo munacitika cinthu cina. Salazar anakonza cionetsero cacikulu ku Belém, cochedwa Exposição do Mundo Português. Anafuna kuonetsa kuti Portugal si dziko laling'ono. Gawo la maiko olamulidwa linaikidwa m'munda womwewu. Anamangamo nyumba zaudzu monga za kumudzi. Anatenga amuna, akazi ndi ana ku Guiné, ku Angola, ku Moçambique, ku Timor ndi kwina, nawaika mmenemo. Anthu a ku Bijagós anakhazikidwa pa kacisumbu ka pakati pa dziwe. Acopi a kumwera kwa dziko lathu anapita ndi timbila zawo. Anthu a ku Lisboa ankabwera kudzawapenya akuphika, akuluka, akuvina. Cionetseroco cinakhala kuyambira mwezi wa June mpaka December, ndipo alendo anali pafupifupi mamiliyoni 3.

Tiganize bwino. Mlendo weniweni timamulandira m'nyumba, timamupatsa mpando, timamufunsa dzina ndi kumene wacokera. Awa sanalandiridwe cotero. Anaonetsedwa monga mmene mitengo inkaonetsedwera, mtundu uliwonse pa malo ake. Mpaka lero m'mundamo muli ziboliboli za mitu ya anthu a ku Afirika ndi a ku Asia, zimene zinapangidwira cionetsero cimeneco.

Dzina la munda linasintha pamodzi ndi nthawi. Mu 1951 boma la Portugal linaleka kuchula maiko athu kuti “colónias”, nkuyamba kunena kuti ndi zigawo za Portugal za kutsidya kwa nyanja. Mundawo unachedwanso wa “Ultramar”. Dzina linasintha, koma cibalo sicinathe. Pa 25 September 1964 nkhondo yomenyera ufulu inayamba. Pa 25 April 1974 asilikali a ku Portugal anagwetsa boma lopondereza, limene linkazunzanso anthu a kwawo. Pa 25 June 1975 Moçambique analandira ufulu. Pambuyo pake mundawo unatenga dzina lakuti “Tropical”. Kuyambira mu 2015 ukusamalidwa ndi Yunivesite ya Lisboa, ndipo aliyense akhoza kulowamo.

Mitengo ilibe mlandu. Tikhoza kukhala pamthunzi wake nkukondwa. Koma wodziwa mbiri amaona zambiri kuposa wongoyenda. Amaona munda wa thonje kuseli kwa nyumba yagalasi, ndi anthu amoyo kuseli kwa ziboliboli. Kale ena ankalemba za ife, ife osadziwa cimene alemba. Lero tikuphunzira kuwerenga ndi kulemba kuti mbiri ya makolo athu tiilembe tokha.

Tikambirane:
1. Kodi Jardim Colonial anaupangira ciyani?
2. Kodi m'mundamo munacitika ciyani mu 1940?
3. Funsani akulu a m'mudzi mwanu zimene akukumbukira za thonje ndi cibalo. Lembani mizere 5.