Mapolo ndi a Yani? Mbiri ya Waya Wofika Kumidzi ya ku America

Pofika kumapeto kwa 2010, atsogoleri a kopaletivu ya magetsi ya Co-Mo, yomwe likulu lake lili m'tauni yaing'ono ya Tipton m'chigawo cha Missouri ku America, anali atadziwa kuti boma lawakaniza ndalama zimene anapempha zokokera intaneti yothamanga m'nyumba za mamembala awo. Makampani akuluakulu a matelefoni anali atalilambalala kale deralo chifukwa nyumba zake n'zotalikirana ndipo phindu lake n'lochepa. Kopaletivuyo inaganiza zoyesa payokha. Mu 2011 inasankha madera ochepa, n'kupempha banja lililonse lofuna kulumikizidwa kuti liperekeretu madola 100 ngati chikole, kenaka inayamba kupachika waya wa faiba pa mapolo a magetsi omwe anali kale a mamembalawo. Patapita zaka zochepa, alimi a kumeneko anali ndi intaneti yoposa ya anthu ambiri okhala m'mizinda ikuluikulu. Nkhani ya mabungwe osafuna phindu amene amasonkhanitsa ndalama zofikitsira intaneti m'makomo imakambidwa kawirikawiri ngati nkhani ya chifundo: wapereka ndani, ndipo wapereka zingati. Koma mbiri ya zaka 90 ya kumidzi ya ku America ikusonyeza kuti funso lolemera ndi lina. Ndalama zija zikatha, waya amatsala m'manja mwa yani?

Kuti funsoli limveke, tiyenera kubwerera ku zaka za m'ma 1930. Nthawi imeneyo nyumba pafupifupi 9 mwa 10 zilizonse za m'mizinda ya ku America zinali ndi magetsi, pomwe kumafamu inali pafupifupi imodzi yokha mwa 10. Mayi wa pafamu ankatunga madzi pachitsime, kuchapa pamanja ndi kusita ndi simbi yotenthetsa pamoto, mchemwali wake wa m'tauni akungotobwanya switchi. Makampani a magetsi ankati masamu sakutheka: kukoka waya mtunda wa mailo imodzi, womwe ndi makilomita 1.6, kunkadya madola pakati pa 1,500 ndi 2,000, ndipo pamtunda wonsewo pankapezeka nyumba ziwiri kapena zitatu. Pa 11 May 1935, Pulezidenti Franklin D. Roosevelt anakhazikitsa nthambi ya boma yotchedwa Rural Electrification Administration, mwachidule REA, n'kuika injiniya Morris L. Cooke kukhala mkulu wake. Cooke anayamba ndi kukopa makampani omwewo ndi ngongole yotsika mtengo, koma makampaniwo sanaonetse chidwi chofika kwa mlimi aliyense. Chaka chotsatira nyumba ya malamulo inavomereza lamulo limene George Norris wa ku Nebraska ndi Sam Rayburn wa ku Texas analimenyera nkhondo, ndipo ngongolezo zinayamba kupita makamaka kwa alimi amene anagwirizana kupanga makopaletivu.

Kayendetsedwe kake kanali kosavuta kukamvetsa kwa aliyense amene anakhalapo mu SACCO. Alimi ankayenda khomo ndi khomo kulemba mayina, banja lililonse n'kupereka madola 5 a umembala, ndalama imene m'zaka za umphawi zija ena ankachita kugulitsa nkhuku kuti aipeze. Eni minda ankalola kwaulere kuti mapolo adutse m'minda mwawo. Mainjiniya a REA anapeputsa kamangidwe ka mizere ya magetsi, anatalikitsa mpata wa pakati pa mapolo n'kuchotsa mitanda yopingasa pamwamba pake, moti mtengo wa mailo imodzi unatsika kufika pansi pa madola 1,000. Makampani aja ataona izi anayamba kuthamangira kukoka mawaya m'madera onona okhaokha kuti makopaletivu atsale ndi mafupa, umboni woti vuto silinali loti kumidzi kunalibiretu phindu, koma loti phindulo silinkakwana mlingo umene eni masheya ankafuna. Mu 1944 lamulo lina linakhazikitsa chiwongoladzanja cha ngongolezi pa 2 peresenti, zobweza pa zaka 35. Pofika 1953, mafamu opitirira 9 mwa 10 alionse anali ndi magetsi. Lero makopaletivu a magetsi pafupifupi 900 amatumikira anthu pafupifupi 42 miliyoni, ndipo mawaya awo anayala pa 56 peresenti ya nthaka ya dzikolo.

Telefoni inadutsa njira yomweyo. Chodabwitsa n'chakuti gawo la mafamu okhala ndi telefoni linali lochepa mu 1940 kuyerekeza ndi mu 1920, chifukwa mizere yakale imene alimi anadzikokera okha inali itatha ndipo panalibe ndalama zoikonzera. Pamenepa pali phunziro loti khama la anthu palokha silikwanira popanda mpamba. Mu 1949 lamulo la REA linakuzidwa kuti ngongole zifike ku matelefoni, ndipo makopaletivu a matelefoni anabadwa ambiri. Chipatso chake chinadzaoneka patapita nthawi yaitali ku North Dakota, chigawo chozizira cha minda ya tirigu chomwe anthu ake ndi ochepa. M'zaka za m'ma 1990, kampani ya US West itafuna kutaya madera akumidzi amene sankaipindulira, makopaletivu ndi timakampani ta kumaloko anagwirizana n'kuwagula. Mawaya a kopa a m'maderawo anawasintha pang'onopang'ono n'kuikamo a faiba, moti masiku ano munthu wokhala kumudzi ku North Dakota ali ndi mwayi waukulu wokhala ndi faiba pakhomo kuposa anthu ambiri a m'mizinda ya dzikolo. Palibe mphatso imodzi yaikulu imene inachita zimenezi. Inali ngongole, thandizo la thumba la boma la matelefoni akumidzi, ndi ndalama zotsala pa malonda zimene zinkabwerera mu waya m'malo mopita kwa eni masheya a kutali.

Kuti tione kusiyana kwake, tiike pambali pa izi njira inayo imene boma linayesa. Mu 2015 bungwe loyang'anira zofalitsa mauthenga la Federal Communications Commission linagawira makampani akuluakulu a matelefoni pafupifupi madola 1.5 biliyoni chaka chilichonse kwa zaka 6, kuti afikitse intaneti kumidzi. Liwiro limene anawalamula linali mamegabiti 10 okha pa sekondi, lomwe linali lotsalira ngakhale pa tsiku limene ankasayina mapangano, popeza chaka chomwecho bungwelo linali litanena kuti intaneti yothamanga imayambira pa mamegabiti 25. Ambiri anangokonza mawaya akale a kopa. Awiri mwa makampani amene analandira ndalamazo, Windstream ndi Frontier, anapita kukhoti kukalengeza kuti ngongole zawakulira, woyamba mu 2019 winayo mu 2020. Nthawi yonseyi makopaletivu a magetsi m'zigawo zina anali omangidwa manja ndi malamulo akale owaletsa kuchita malonda ena. Tennessee inamasula lamulo lake mu 2017, Mississippi mu January 2019. Mliri wa Covid-19 utatseka masukulu mu 2020, Mississippi inapatula madola 65 miliyoni kupatsa makopaletivu a magetsi 15, amene anaikapo ndalama zawo zofanana nazo, ndipo chimodzi mwa zigawo zosaukitsitsa za dzikolo chinayamba kudzaza ndi faiba. Makopaletivu a magetsi opitirira 200 tsopano ali pantchito imeneyi.

Wotsutsa woyamba anena kuti kutamanda makopaletivu n'kubisa dzanja la boma, poti popanda ngongole ya 2 peresenti palibe polo limene likadadzikidwa. Zimenezo n'zoona, ndipo mbiri ya mizere ya matelefoni ya alimi imene inafa chaka cha 1949 chisanafike ikuchitira umboni. Koma mfundo pano si yoti anthu osauka angathe kudzikweza okha. Makampani a mu 2015 nawo analandira ndalama za anthu, zosabweza n'komwe. Kopaletivu ya magetsi imakhala ndi makasitomala pafupifupi 8 pa mailo imodzi ya waya, pomwe ogulitsa magetsi ena amakhala nawo opitirira 30, ndiye palibe amene angakoke waya kumeneko popanda ndalama yotsika mtengo ndi yoleza mtima. Chosiyana ndi zimene ndalamayo imasanduka. Ikapita kwa mwini wake amene akukhala kumapeto kwa waya, imasanduka chuma chimene mdzukulu adzapachikepo chinthu chomwe agogo ake sanachilotepo. N'zoonanso kuti si ngongole zonse zinabwezedwa bwino: makopaletivu akuluakulu opanga magetsi, monga Wabash Valley mu 1985 ndi Cajun Electric mu 1994, anagwa atalowetsa ndalama m'malo opangira magetsi a nyukiliya. Koma onani kumene anagwera. Kunali kutali ndi khomo la membala, pa ntchito zazikulu zimene mlimi wamba analibe pozionera.

Wotsutsa wachiwiri ali ndi mlandu wolemera kuposa woyambayo. Makopaletivu sanali oyera. Madola 5 aja pamodzi ndi mtengo woika mawaya m'nyumba zinasiya kunja alimi ambiri obwereka minda, ndipo kumwera kwa dzikolo ambiri mwa iwo anali anthu akuda, amene kwa zaka zambiri sankapezeka m'makomiti ngakhale m'madera amene iwo anali ochuluka. M'makopaletivu ambiri, mamembala amene amavota ndi ochepa kwambiri, ndipo komiti ikakhalitsa imayamba kuona ngati chumacho n'chake. Pedernales Electric Cooperative ya ku Texas, yomwe Lyndon Johnson anathandiza kuikhazikitsa mu 1938 ali phungu wachinyamata, inadzakhala chitsanzo chochititsa manyazi: mu 2007 mamembala anasumira atsogoleri awo pa kasakazidwe ka ndalama, ndipo yemwe anali mkulu woyendetsa ntchito anapezeka wolakwa kukhoti mu 2010. Zonsezi sizingakanidwe. Komabe anasuma ndi mamembala, ndipo anatha kutero chifukwa katunduyo anali wawo; mapeto ake atsogoleri anasintha ndipo zisankho zinatseguka. Kasitomala wa kampani imene yasankha kusakonza waya wake alibe msonkhano wa pachaka woti akaimirirepo. Umwini sutsimikiza kuti zinthu ziyenda mwachilungamo, koma umapatsa wolakwiridwa chogwirira, ndipo mbiri ya anthu akuda a kumwera ikuphunzitsa kuti chogwiriracho chimapindula pokhapokha aliyense ataloledwa kuchigwira.

Wotsutsa wachitatu akuti nthawi yasintha: mabanja ambiri opanda intaneti masiku ano sali kumidzi yopanda waya, ali m'mizinda momwe waya wadutsa pakhomo koma bilu ya pamwezi yawakulira. Apa ndi pomwe ndalama za chifundo zagwira ntchito kwambiri. Mu June 2020 mzinda wa Chicago, sukulu zake ndi anthu opeza bwino anasonkha madola 50 miliyoni kuti alipirire intaneti ya ana asukulu pafupifupi 100,000 kwa zaka 4. Mu 2021 boma linapatula madola 14.2 biliyoni a sabuside yotchedwa Affordable Connectivity Program, yochotsera banja losauka madola 30 pa bilu mwezi uliwonse, ndipo mabungwe ngati EducationSuperHighway anagwira ntchito yaikulu yolembetsa anthu. Mabanja opitirira 23 miliyoni analowa. Mwana amene anaphunzira chifukwa cha thandizoli anapinduladi, ndipo palibe chifukwa cholinyozera. Koma nyumba ya malamulo sinawonjezere ndalama, ndipo pa 1 June 2024 sabusideyo inatha. Mabiliyoni aja anali atalowa m'mabuku a makampani ngati malipiro a pamwezi, osasiya polo kapena mlongoti m'manja mwa anthu. Fodya wako ndi amene ali pamphuno. N'chifukwa chake njira ya bungwe losafuna phindu la DigitalC ku Cleveland ikuyenera kuonetsetsedwa: mabungwe awiri achifundo a mumzindawo atalilonjeza madola 20 miliyoni mu 2021, linamanga netiweki yakeyake pa madenga a nyumba zitalizitali, n'kumagulitsa intaneti pa madola 18 pamwezi. Mamembala si eni ake ngati mu kopaletivu, koma mphatsoyo inagula chinthu chokhalitsa.

Aliyense amene anaonapo mjigo wokumbidwa ndi mlendo wachifundo utafa chifukwa chosowa kachitsulo kamodzi, pomwe wa mudzi woyandikana nawo, wokhala ndi komiti ndi kathumba kake, ukutulutsabe madzi, akudziwa kale zimene mbiriyi ikunena. Wopereka ndalama amakonda kuwerenga mabanja amene alumikizidwa chaka chino, chifukwa chiwerengerocho chimakoma mu lipoti. Anthu amene ankayenda m'mafamu a ku Missouri kutolera madola 5 analibe chiwerengero chotere choti aonetse, ndipo palibe mmodzi mwa iwo amene anamvapo za intaneti. Anasiya mapolo, ufulu wodutsa m'minda, amisiri odziwa kukwera, ndi bungwe limene banki ingalikhulupirire ndi ngongole. Patapita zaka zopitirira 70, boma litakana ndipo makampani atalambalala, zinthu zinayi zimenezi ndi zimene zinanyamula faiba kuifikitsa pakhomo.