Mtsogoleri Amene Sankaloledwa Kukalamba: Dr. Banda ndi Zaka Zawo

Anyamata amene adaitana Dr. Hastings Kamuzu Banda kuti abwerere kwawo m'chaka cha 1958 ankafuna munthu wamkulu. Henry Masauko Chipembere ndi Dunduzu Chisiza adabadwa mu 1930, Kanyama Chiume mu 1929, kotero onse adali asanakwanitse zaka 30. Maphunziro adali nawo, ukali pa ndale adali nawo, koma ankadziwa kuti mafumu ndi anthu a m'midzi ya Nyasaland sangatsate mwana amene adamuona akusewera pa fumbi dzana lomweli. Mtundu umene umati akuluakulu ndi m'dambo mozimira moto unkafunika kuona imvi kutsogolo kwa chipani cha Nyasaland African Congress. Chipembere adalembera dokotalayo mosabisa kuti anthu amafuna ngwazi yoti aziitamanda, ndipo kuti anyamatawo adali okonzeka kuwakweza kufikira pamenepo. Motero pamene ndege idatera pa Chileka pa 6 Julayi 1958, munthu amene adatsikamo adali atakhala kunja zaka zoposa 40, Chichewa chitawathawa pakamwa kotero kuti ankalankhula kudzera mwa womasulira, koma adali ndi chinthu chimene anyamatawo adalibe: zaka.

Zakazo zidali zingati? Boma lidakhazikitsa 14 Meyi 1906 ngati tsiku lawo lobadwa, ndipo tsikulo lidasanduka tchuthi cha dziko lonse. Olemba mbiri ambiri, kuphatikizapo Philip Short amene buku lake la moyo wa Dr. Banda lidatuluka mu 1974, amaika kubadwa kwawo cha m'ma 1898. Chifukwa chake n'chosavuta kuchiona. Iwo adanyamuka ku Kasungu wapansi kulowera ku Southern Rhodesia cha m'ma 1915, ataphunzira kale pa sukulu za mishoni mpaka kufika polowa m'mayeso a uphunzitsi. Mwana wobadwa mu 1906 akadakhala ndi zaka 9 zokha pa nthawiyo. Palibe chodabwitsa kuti munthu wobadwira m'mudzi m'masiku amenewo asadziwe tsiku lake lenileni. Anthu ankawerengera msinkhu ndi njala, dzombe, kapena kubwera kwa Azungu a boma. Chodabwitsa n'chakuti nambala imene idasankhidwa idawachepetsera zaka pafupifupi 8, ndipo idatetezedwa ngati malire a dziko.

Poyamba ukulu udawagwirira ntchito bwino. Nduna zawo ankazitcha anyamata awo, ngakhale pamaso pa anthu ndi alendo ochokera kunja, ndipo anthu ambiri sankaona cholakwika pakuti bambo amatero ndithu ndi ana ake. Anyamatawo ndiwo adatopa nazo. Mkangano wa nduna wa mu Sepitembala 1964, patangotha miyezi iwiri dziko litalandira ufulu, udali ndi mitu yake yeniyeni: ubale ndi Apwitikizi a ku Mozambique ndi maboma a Azungu a kumwera, thandizo lochokera ku China, malipiro a ogwira ntchito m'boma, ndi tiki imene odwala ankayenera kulipira ku chipatala. Koma pansi pa zonsezi padali funso la msinkhu: kodi wamng'ono angadzudzule wamkulu? Yankho lidabwera msanga. Chipembere adakafera ku America mu 1975, Yatuta Chisiza adaphedwa mu 1967 akulowa m'dziko ndi zida, Chiume adakhala kunja zaka 30, ndipo Orton Chirwa, amene adali wamkulu pa anzake, adafera m'ndende ya Zomba mu 1992.

Apa ndipo pali gwero la nkhani yonse. Munthu sadzidziwira yekha kuti wakalamba. Maondo amanena zawo, maso ndi makutu zimanenanso zawo, koma mtima umakana, chifukwa m'kati mwake munthu amadzimva monga momwe ankadzimvera ali ndi zaka 40. Amene amamutsimikizira ndi anthu omuzungulira. Pakati pa Achewa ntchito imeneyi ili ndi eni ake. Msuweni ali ndi ufulu wonyogodola msuweni wake popanda mlandu. Mdzukulu amaseka agogo ake kuti mano atha, agogowo naseka nawo. Anzake a msinkhu umodzi, amene adavinidwa naye limodzi, amamuuza pa bwalo kuti nkhani imene akukambayo adaikamba kale dzulo. Wakutsina khutu ndi mnansi. Nkhalamba imene ili ndi anthu oterewa imaphunzira pang'onopang'ono kusiya khasu lalikulu, kutuma mphwake ku milandu ya kutali, ndi kukhala pa khonde n'kumapereka uphungu.

Dr. Banda ankaidziwa bwino miyambo imeneyi, pakuti mu 1946 adathandizana ndi Cullen Young kukonza buku lofotokoza chikhalidwe cha anthu a kuno, ndipo pambuyo pake adadzitcha nkhoswe ya amayi onse a m'Malawi. Koma pa moyo wawo wa tsiku ndi tsiku adalibe msuweni wowaseka, adalibe mdzukulu wodziwika wowakoka ndevu, ndipo anzawo a msinkhu umodzi adali atatsala ochepa m'dziko limene zaka zimene munthu ankayembekezeka kukhala ndi moyo sizinkafika 50. Onse owazungulira adali ang'ono kwa iwo ndi zaka 30 kapena 40, ndipo onsewo mkate wawo udali m'manja mwa mkuluyo.

Mu 1971 nyumba ya malamulo idawapatsa utsogoleri wa moyo wawo wonse. Liwu limene lidazolowereka pakamwa pa anthu lidali lakuti "Wamuyaya", ndipo liwuli limanena zoposa zimene lamulo lidanena. Lamulo lidati adzalamulira kufikira imfa. Liwulo lidachita ngati imfayo kulibe. Kuchokera pamenepo funso lakuti adzalowa m'malo mwawo ndani lidasanduka msampha. Padalibe wachiwiri kwa mtsogoleri wa dziko. Malamulo ankati mtsogoleri akamwalira kapena akalephera ntchito, dziko liyendetsedwe ndi kagulu ka anthu atatu kotsogoleredwa ndi mlembi wamkulu wa chipani cha Malawi Congress, ndipo mbiri ya mpando wa mlembi wamkuluwo ndi yomvetsa chisoni. Aleke Banda adachotsedwa mu 1973 nyuzipepala ina ya ku Zambia itamutchula kuti ndiye wodzalowa m'malo, ndipo pambuyo pake adakhala m'ndende kuyambira 1980 mpaka 1992. Albert Muwalo Nqumayo adanyongedwa mu 1977. Bakili Muluzi adatula pansi udindowo mu 1982. Dick Matenje adaphedwa ku Mwanza mu Meyi 1983 pamodzi ndi Aaron Gadama, Twaibu Sangala ndi David Chiwanga. Zitatha izi mpandowo udakhala wopanda mwini kwa zaka 10. Nkhani iliyonse mwa izi ili ndi zifukwa zake zapadera, koma phunziro limene andale adatolapo lidali limodzi: kuoneka ngati ukuwerenga zaka za mkuluyo kudali kuitana tsoka.

Kubisa ukalamba wa munthu mmodzi pamaso pa dziko lonse kudatheka chifukwa cha momwe nkhani zinkayendera. Malawi adalibe wailesi ya kanema kufikira mu 1999. Wailesi idali imodzi, MBC, ndipo nyuzipepala zazikulu zidali za mkuluyo. Chithunzi chopachikidwa m'maofesi, m'masitolo ndi m'sukulu sichinkakalamba, monganso nkhope ya pa ndalama ya kwacha. Akaonekera pa gulu adali mu suti ya zidutswa zitatu, chipewa, magalasi akuda obisa maso, ndi litchowa m'dzanja, zovala zimene sizidasinthe kwa zaka 30 ndipo zinkachititsa kuti munthu wa m'katimo aoneke ngati sakusintha. Ulendo woyendera mbewu chaka ndi chaka, ndi kutsika pa nsanja kukavina pakati pa amayi a mbumba, zidali ngati umboni woperekedwa kwa anthu kuti miyendo ikadali yolimba. Ndipo kunena zoona thupi lawo lidali lolimba modabwitsa. Munthu wa zaka zoposa 85 amene amaimirira n'kulankhula kwa nthawi yaitali pa dzuwa si wamba.

Komabe zizindikiro za mtima wa nkhalamba zidalipo kwa amene ankamvetsera. Zolankhula zawo zinkabwerera kawirikawiri ku zinthu zomwezomwezo: ulendo wapansi wa ubwana wawo, ndende ya Gwelo, kuphwanya chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland, umphawi umene adaupeza mu 1958. Sukulu ya Kamuzu Academy, imene idatsegulidwa mu 1981, idamangidwa ku Mtunthama pafupi ndi mtengo wa kachere umene ankati ndi pamene adaphunzirira zilembo zoyamba, ndipo ana ankaphunzitsidwa Chilatini ndi Chigiriki monga zinkachitikira m'sukulu zimene iwo adazisirira ali mnyamata. Nkhalamba iliyonse imakonda kubwerera kumene idachokera, ndipo palibe choipa pamenepo. Vuto lidali lakuti omvera adali atasintha. Pofika 1990 Amalawi ambiri adali obadwa chitaganya chitatha kale. Kwa iwo nkhani ya Gwelo idali phunziro la m'kalasi, pomwe kusowa kwa ntchito ndi abale otsekeredwa ku Mikuyu zidali za lero.

M'maiko oyandikana nawo atsogoleri ena adaliona dzuwa likupendeka. Julius Nyerere adatula pansi utsogoleri wa Tanzania mu 1985 ali ndi zaka 63, nabwerera kwawo ku Butiama. Kenneth Kaunda sadachoke mwa kufuna kwake, koma atagonja kwa Frederick Chiluba mu 1991 adapereka mpando. Nelson Mandela, amene adalowa m'boma ali ndi zaka 75, adalamulira chigawo chimodzi chokha nasiyira Thabo Mbeki mu 1999. Mbali inayo kuli Robert Mugabe, amene asilikali ndi chipani chake adachita kumukankha mu 2017 ali ndi zaka 93. Dr. Banda ali pakati pa magulu awiriwa, ndipo n'chifukwa chake zaka zawo zomaliza zili zofunika kuziyang'ana bwino.

Uthenga umene palibe nduna idalimba mtima kuunena udafika kudzera m'makomo ena. Pa 8 Malichi 1992 m'matchalitchi a Katolika mudawerengedwa kalata ya maepiskopi yodzudzula kupanda chilungamo m'dziko. Mu Epulo Chakufwa Chihana adamangidwa atangotsika ndege ku Lilongwe, mu Meyi ogwira ntchito ku Blantyre adanyanyala ndipo anthu adaphedwa m'misewu, maiko opereka thandizo nawo adaimitsa ndalama zawo. Mu Okutobala Dr. Banda adalengeza kuti padzakhala riferendamu. Zikuoneka kuti adachita izi akukhulupirira ndi mtima wonse kuti anthu awo adzawasankha, pakuti kwa zaka 30 palibe adawauzapo zosiyana ndi zimenezo. Pa 14 Juni 1993 pafupifupi anthu awiri mwa atatu alionse adaponyera voti nyali ya zipani zambiri, kusiya tambala wakuda. Nyuzipepala zatsopano zimene zidabuka m'miyezi imeneyo, imodzi mwa izo yoyambitsidwa ndi Aleke Banda yemwe uja, zidayamba kulemba poyera za msinkhu ndi thanzi la mkuluyo.

Kenaka thupi nalo lidalankhula. Mu Okutobala 1993 adawatengera ku chipatala cha Garden City ku Johannesburg kumene adachitidwa opaleshoni ya m'mutu. Kagulu ka anthu atatu kaja kadafunika mwadzidzidzi, ndipo mpando wa mlembi wamkulu udadzazidwa mofulumira ndi Gwanda Chakuamba, munthu amene adali atangotuluka kumene m'ndende momwe boma lomwelo lidamutsekera kuyambira 1980. Iye, John Tembo ndi Robson Chirwa ndiwo adagwirizira dziko. M'nyengo yomweyo nyumba ya malamulo idachotsa utsogoleri wa moyo wonse, ndipo mu Disembala asilikali adalanda zida za a Malawi Young Pioneers. Dr. Banda adabwereranso pa mpando mwezi womwewo, naimanso pa chisankho cha pa 17 Meyi 1994 ali ndi zaka zoposa 95 malinga ndi kuwerenga kwa olemba mbiri. Munthu angafunse ngati kuimako kudali kufuna kwawo kapena kwa amene moyo wawo wa ndale udadalira dzina lawo. Muluzi adapeza mavoti 47 pa 100 alionse, Dr. Banda 33, Chihana 19.

Chimene adachita pambuyo pake ndicho chimavuta kuchiika m'thumba limodzi ndi zaka 30 za ulamuliro wawo. Kuwerenga mavoti kusanathe, adalankhula pa wailesi kuvomera kuti agonja, nayamikira wopambanayo, munthu wobadwa mu 1943 amene kale adali mmodzi wa anyamata awo. Ena amati adalibe njira ina, pakuti asilikali adali atawathyola kale dzanja lamanja. Zimenezo n'zoona, komabe mawu aja adatseka pakamwa aliyense wa m'chipani chawo amene akadafuna kukana zotsatira, ndipo dziko lidasintha boma popanda nkhondo.

Zaka zitatu zotsatira zidali za nkhalamba monga nkhalamba zina. Mu 1995 adaimbidwa mlandu wa imfa za ku Mwanza, nasungidwa pa ukaidi wosachoka pa nyumba ku Mudi mu mzinda wa Blantyre. Mlanduwo udazengedwa iwo kulibe chifukwa cha kufooka kwa thupi, ndipo mu Disembala chaka chomwecho khoti lidawapeza osalakwa. Mu Januwale 1996 mudatuluka chikalata m'dzina lawo chopepesa kwa onse amene adazunzika mu ulamuliro wawo, ngakhale chidalembedwa mosavomera kuti iwo ankadziwa za nkhanzazo. Mabanja a ophedwa ndi otsekeredwa adachilandira mosiyanasiyana.

Adamwalira pa 25 Novembala 1997 m'chipatala chomwe chija cha ku Johannesburg, naikidwa ku Lilongwe pa 3 Disembala. Malinga ndi tsiku lobadwa limene boma lawo lidakhazikitsa, adali ndi zaka 91. Nkhani zolengeza imfa yawo zidati adali ndi zaka 99.